Asanavale mkanjo wa umeya, atiuze ndalama zipita kuti

Mwezi wa Januwale, mvula itagwa usiku wonse, ndinakwera minibasi yochokera ku Area 25 kulowera m'tauni muno mu Lilongwe. Titafika penapake galimoto zinangoti ndondondo osasuntha, chifukwa ngalande ya m'mbali mwa msewu inali itatsekeka ndi majumbo ndi mabotolo, madzi n'kumayenda pamwamba pa tala ngati mtsinje. Bambo wina wachikulire, wovala jekete yotuwa, anasuzumira pawindo kwa kanthawi, kenako anafunsa mokweza kuti tonse timve: "Kodi anzanga inu, mfumu ya mzinda uno timaivotera liti? Ine chiyambire kuvota sindinalionepo pepala lake." Kondakitala, uku akuwerenga ndalama, anayankha kuti: "Madala, imeneyo sitisankha ife. Amasankhana okhaokha."

Mnyamata uja sananame. Malinga ndi lamulo loyendetsera maboma ang'onoang'ono la 1998, ife timavotera khansala wa wodi yathu, ndipo makhansalawo akalumbira amakhala pansi n'kusankha mmodzi mwa iwo kukhala meya, wina wachiwiri wake, kwa zaka ziwiri ndi theka. Mpikisano wa umeya ulipo ndithu, ndipo umatentha, koma suchitikira pabwalo la Masintha ku Kawale pomwe tonse tingamve. Umachitikira pafoni usiku ndi m'zipinda momwe akuluakulu a zipani amaitaniramo makhansala awo. Ife timangomva pawailesi kuti auje apambana ndi mavoti akutiakuti. Chimandiwawa n'chakuti mumpikisano wonsewo mawu oti bajeti samveka. Timamva za chipani, timamva zoti ulendo uno akhale mayi kapena wachinyamata, timamva za amene ali pafupi ndi akuluakulu. Sindinamvepo wofuna mpandowo ataimirira n'kunena kuti ine ndikakhalapo, kwacha yoyamba ipita apa, ndipo chakuti ndi chakuti chiyamba chadikira.

Mwina tinazolowera kusafunsa chifukwa tinakhala nthawi yaitali opanda woti timufunse. Makhansala amene anasankhidwa mu 2000 nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko lino linakhala zaka 9 lopanda makhansala mpaka chisankho chapatatu cha mu Meyi 2014. M'zaka zimenezo Lilongwe sanaleke kukula. Ku Chinsapo, ku Mtandire, ku Kauma, ku Mgona, ku Area 36, nyumba zimamera ngati bowa, kopanda misewu yoyezedwa, kopanda ngalande. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda uno, ndipo pano miliyoni tinaidutsa kalekale. Mzinda umene unakhala likulu la dziko mu 1975 anaujambula akuganizira anthu ochepa kwambiri kuyerekeza ndi chinamtindi chimene chikudzukamo m'mawa uliwonse lero.

Tiyambe tamvana za thumba lenilenilo. Ndalama zimene khonsolo ya mzinda imadzipezera yokha zimachokera makamaka ku msonkho wa malo ndi nyumba, uja timati city rates, kenako matikiti a m'misika, ziphaso za malonda, ndalama zovomerezera mapulani a nyumba, za kudepoti ndi zoimikira galimoto. Zina zimachokera ku boma lalikulu, koma zambiri mwa izo zimabwera zitamangidwa kale mfundo, zoti zipite kumaphunziro, kuzaumoyo kapena kumsewu wakutiwakuti. Madzi a m'mipopi ndi a Lilongwe Water Board, magetsi ndi a ESCOM, apolisi ndi a boma lalikulu. Choncho khansala wofuna umeya akamatilonjeza kuthetsa kuzimazima kwa magetsi kapena kumanga chipatala chachikulu, akugawa nyama ya ng'ombe ya eni ake. Zake zenizeni ndi izi: zinyalala, ngalande, misika, zimbudzi za anthu onse, misewu ya m'madera, magetsi a mumsewu, ozimitsa moto, manda, ndi kuonetsetsa kuti anthu sakumanga paliponse. Thumba lake ndi laling'ono, ndipo linachepanso mphamvu kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Matayala a lole, dizilo, zipangizo za galimoto yozimitsa moto, zonse zimagulidwa kunja.

Thumba likakhala laling'ono, utsogoleri umaonekera pa chimene munthu wakana. Ine maganizo anga sindibisa: ndalama yoyamba ya mzinda uno ipite ku zinyalala, ngalande ndi zimbudzi, ndipo wofuna umeya amene sangalankhule zimenezi poyera asapatsidwe mkanjo.

Ndikudziwa kuti nkhani ya zinyalala siikoma m'khutu. Palibe amene amaitana wailesi ya kanema kudzajambula lole ikumwa dizilo. Ntchitoyi ilibe riboni yodula, ilibe mwala wolembapo dzina la bwana. Ndi ndalama yongotuluka tsiku ndi tsiku: mafuta, matayala, malipiro a osesa, magolovesi, thalakitala yokankha zinyalala kudzala la ku Area 38 kuti malole azitha kulowa nthawi ya dzinja. Ukaleka sabata imodzi, mulu wabwerera. N'chifukwa chake atsogoleri amakonda chinthu chomangidwa kamodzi, choti chaka chamawa adzaloze ndi chala. Koma tayang'anani njira imene chinyalala chosatoledwa chimayenda. Mayi wa ku Mchesi akaona kuti bini yadzaza ndipo lole siikubwera, sasunga zinyalala m'nyumba. Amapatsa mnyamata wa wilibala, mnyamatayo amakakhuthula kumtsinje kapena m'ngalande. Mvula yoyamba ikagwa, majumbo aja amakatseka kalavati. Madzi akasowa njira amalowa m'makomo, amadzaza zimbudzi zokumba, zonyansa n'kuyandama kukalowa m'zitsime zosaya momwe mabanja osakwanitsa kugula madzi pakiyosiki amatungamo. Pakatha masabata awiri, anamwino a pachipatala cha Bwaila ayamba kuyala mabedi m'matenti.

Izi sindikulota. Kolera amene anayamba mu Marichi 2022 ndiye woopsa kwambiri m'mbiri ya dziko lino. Anapha anthu oposa 1,700, ndipo boma la Lilongwe ndi limene linali ndi odwala ochuluka kuposa ena onse. Mu Januwale 2023 ana a sukulu a mumzinda uno ndi a ku Blantyre anakhala kunyumba anzawo m'maboma ena atatsegulira, chifukwa cha matendawa. Tibwerere m'mbuyo pang'ono, mu 2017. Kumayambiriro kwa chakacho mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, mpaka asilikali anachita kubwera ndi helikopita kudzapulumutsa anthu. Pakati pa chaka chomwecho anthu a ku Area 18 anatsegula mipopi yawo n'kupeza madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji. Area 18 si malo omangidwa mwachisawawa. Ndi nyumba za mapulani, zokhalamo anthu a ntchito zawo. Ngati zinachitika kumeneko, ndani angadzitame kuti mpanda wake wa njerwa umuteteza? Wantchito amene amakuphikirani ku Area 47 amagona ku Mtandire, ndipo tomato wa pa tebulo la ku Area 10 anagulidwa pamsika womwewo umene chimbudzi chake chinatsekedwa.

Kwacha yoikidwa pa zinyalala imagwira ntchito katatu. Imachotsa mulu, imatsegula njira ya madzi, imateteza chitsime. Palibe mzere wina m'bajeti ya khonsolo umene ungabweze zochuluka chotere.

Pali kanthu kena kamene ambiri sitikaganizira, ka kalendala. Kuyambira 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, nthawi imene mvula ikutha ndipo aliyense waiwala za matope. Ngalande zimafunika kukumbidwa ndi kuyeretsedwa mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe. Pofika nthawi imeneyo theka la chaka lapita, ndalama zalowa kumalipiro, kumafuta, kumisonkhano, kungongole zakale. Ndiye timadzaona anthu a makasu ndi mafosholo m'ngalande mu Disembala, madzi atalowa kale m'nyumba. Wofuna umeya amene angati ndalama ya ngalande ndidzaipatula mu Epulo, ikhale payokha, isakhudzidwe mpaka Seputembala, ameneyo ndiye waumvetsa mzinda uno. Ndingamukhulupirire kuposa wobwera ndi chithunzi cha nyumba zosanjikana zagalasi.

Wina anena kuti nanga misewu? Funso labwino, chifukwa aliyense amene wakwerapo kabaza m'dzinja ku Area 23 kapena ku Area 49 akudziwa mmene msana umawawira. Koma tisiyanitse. Misewu ikuluikulu imene yasintha nkhope ya mzindawu m'zaka zapitazi, monga mphambano yodutsana m'mwamba ya ku Area 18, msewu wa Kenyatta, ndi M1 kuchokera pa Crossroads kukafika ku Kanengo, ndi ntchito za boma lalikulu kudzera ku Roads Authority ndi mayiko othandiza. Meya asadyerepo dzina, ndipo asalonjeze ina yotero ndi thumba la khonsolo. Misewu yake ndi ya m'madera, ndipo chimene chimaipha ndi madzi. Tala woikidwa popanda ngalande amadyeka kuchokera m'mbali, pakatha mvula ziwiri wasanduka maenje okhaokha. Kilomita imodzi ya tala imadya ndalama zimene zikanayeretsa ngalande za mawodi angapo. Choncho ngakhale wokonda misewu ayenera kuyambira pangalande, apo ayi akhala akumanga msewu womwewo kawiri.

Tipite kumsika, komwe kuli nkhani yondikhudza kwambiri. Mayi wogulitsa masamba pa Wakawaka kapena pa Nsungwi amalipira tikiti tsiku lililonse, kaya wagulitsa kaya sanagulitse. Mumzinda uno ndi anthu ochepa amene amakhoma msonkho mokhulupirika ngati iyeyo, chifukwa wotolera amamupeza pomwe wakhala, pamaso pa anzake. Ndiye tifunse: pa ndalama imene msika umatolera, ndi zingati zimabwerera mumsika momwemo? Ndikufuna kumva wofuna umeya akutchula gawo lenileni, kuti pa kwacha 100 iliyonse yotoleredwa pamsika, zakutizakuti zizitsala pomwepo kukonzera chimbudzi, mpopi, bini ndi denga, ndipo komiti ya msika iziona chiwerengerocho mwezi ndi mwezi chitamatidwa pageti. Amene anawolokapo timilatho tamitengo tapakati pa misika ya Tsoka ndi Lizulu, pamtsinje wa Lilongwe, akudziwa kuti anthu wamba salephera kulipira akaona chimene akulipirira. Anyamata anakhoma milatho ija ndi manja awo, ndipo anthu amapereka kangachepe kuti awoloke, osanyinyirika. Chimene anthu amakana ndi kulipira chinthu chosaoneka.

N'chimodzimodzi nkhani ya mavenda a m'misewu. Kuyambira pa Operation Dongosolo mu 2006 takhala tikuona zomwezomwezo: athamangitsidwa, katundu walandidwa, pakapita masabata angapo abwerera. Kuthamangitsana kumeneko nakonso kumadya ndalama, mafuta a galimoto ndi malipiro a ogwira ntchitoyo. Munthu sangasiye pomwe pali ogula n'kukakhala mumsika wamatope, wamdima, wopanda chimbudzi. Konzani msika kaye, lamulo lidzakhala ndi mano pambuyo pake. Ine ndimafuna misewu ya ku Malangalanga yoyendeka ngati wina aliyense, koma sindikhulupirira kuti chikwapu ndi chotchipa kuposa simenti.

Tsopano mbali imene ofuna mipando amaithawa: ndalamazo zichokera kuti? Yankho lapafupi limakhala kukweza tikiti ya pamsika ndi ziphaso za timagolosale, chifukwa anthu amenewo alibe maloya. Yankho lolimba mtima lili pa city rates. Kwa zaka zambiri makhonsolo a mizinda yathu akhala akudandaula poyera kuti eni nyumba zikuluzikulu, makampani, ngakhalenso maunduna ndi nthambi za boma, ali ndi ngongole za msonkhowu. Lilongwe ndiye mwini nkhaniyi kuposa mizinda ina, chifukwa Capital Hill ili m'manja mwake momwemu. Meya nthawi zambiri amachokera kuchipani chimene chili ndi makhansala ambiri. Chipanicho chikakhala cholamula, kodi adzalimba mtima kukagogoda kwa akuluakulu ake ndi kalata ya ngongole? Chikakhala chotsutsa, kodi adzatha kukambirana nawo mwaulemu mpaka ndalama ituluke, osangokuwa pamsonkhano wa atolankhani? Funso limeneli liyenera kufunsidwa kwa aliyense wofuna mpandowo, ndipo ayankhe tikumva. Kuonjezera apo, kaundula wa mitengo ya nyumba amene msonkhowu umawerengedwerapo amayenera kukonzedwanso zaka 5 zilizonse. Akachedwa, nyumba zapamwamba zomangidwa posachedwa m'madera atsopano zimakhala kunja kwa kaundulayo kapena zimalipira mitengo yakale, uku mayi wa masamba uja sanaphonyepo tsiku. Si chilungamo chimenecho. Ndondomeko yotula mphamvu kumakhonsolo ya 1998 inanenanso kuti boma lalikulu lizipereka kumakhonsolo 5 peresenti ya ndalama zimene limatolera, ndipo meya wa likulu la dziko ndiye woyenera kukhala patsogolo kukumbutsa lonjezo limeneli chaka ndi chaka.

Mnzanga wina amene anagwirapo ntchito m'boma anandiuza kuti ndikutaya nthawi. Anati: "Achimwene, meya ndi wa miyambo chabe. Amavala mkanjo, amalandira alendo, amatsegulira misonkhano. Ndalama zili m'manja mwa mkulu woyendetsa khonsolo, ndipo ameneyo amasankhidwa ndi nduna." Mbali ina akunena zoona. Lamulo litasinthidwa mu 2010, mphamvu yosankha mkuluyo inapita kwa nduna, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo anapatsidwa voti m'khonsolo. Meya salemba cheke. Koma bajeti siyenda popanda kuvomerezedwa ndi msonkhano wa khonsolo yonse, ndipo wapampando wa msonkhano umenewo ndi meya. Ndiye amene angaitanitse lipoti, n'kulibweza likakhala losamveka. Ndiye amene atolankhani amathamangira akatsegula pakamwa. Angathe kunena kuti bajeti iyi sitiivomereza mpaka mzere wa dizilo wa malole a zinyalala ukwere. Ndipo mu Meyi 2025 bwalo la milandu linagamula kuti aphungu kuvota m'makhonsolo ndi kuyendetsa thumba la chitukuko cha m'madera awo la CDF n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulo chimenecho chinakumbutsa aliyense kuti nyumba imeneyi eni ake ndi makhansala. Meya amene amati ndilibe mphamvu nthawi zambiri amakhala kuti sanayesepo kuzigwiritsa ntchito, ndipo mawu akuti ndine wa miyambo chabe asanduka mthunzi wabwino wobisalamo.

Pali mzere wina m'bajeti umene ndikufuna tiuone ndi maso athu: wa maalawansi, maulendo ndi misonkhano yokachitira kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi. Sindikunena kuti khansala azigwira ntchito ndi njala. Ambiri mwa iwo amavutika, anthu a m'wodi amawadzutsa usiku pamaliro ndi pamatenda, ndipo zimene amalandira n'zochepa. Koma tiyeni tiike ziwerengero ziwiri pafupi: zimene zapita kumisonkhano ndi maulendo chaka chatha, ndi zimene zapita kukonza malole a zinyalala ndi galimoto zozimitsa moto. Ngati zili bwino, palibe chobisa. Msika ukapsa usiku, wogulitsa kaunjika amene mpamba wake wonse wasanduka phulusa safunsa kuti ndi makhansala angati anakaphunzira za utsogoleri. Amafunsa kuti galimoto inafika nthawi yanji ndipo inali ndi madzi kapena ayi.

Ena akuti njira yabwino ndi kusintha lamulo kuti meya tizimuvotera tonse. Mwina tsiku lina tidzafika pamenepo, ndipo ine sindingatsutse. Koma sitiyenera kudikira Nyumba ya Malamulo kuti tiyambe kufunsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Khansala amene akaponye voti ya umeya ndi wathu, tinamuika ndife, amakhala m'dera lathu, timakumana naye kutchalitchi, kumzikiti ndi kumaliro. Atsogoleri a mabuloko, makomiti a misika ndi makomiti a chitukuko a m'mawodi angathe kumuitana chisankho cha meya chisanachitike n'kumufunsa kuti: a khansala, mukavotera ndani, ndipo munthuyo walonjeza chiyani pa ngalande ya kwathu kuno? Akati ndi nkhani ya kuchipani, timukumbutse kuti chipani sichigona m'nyumba yolowa madzi. Lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga kuchokera kumaofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo bajeti ya khonsolo si chinsinsi cha m'banja. Aliyense wa ife angathe kulemba kalata kuipempha.

Chimene ndikupempha mawailesi athu ndi mabungwe a m'madera n'chapafupi. Ulendo wotsatira makhansala akamakonzekera kusankha meya, ofuna mpandowo aitanidwe pamalo amodzi, osati kuhotela, koma pabwalo la sukulu ku Chinsapo kapena pafupi ndi msika wa Kawale, Loweruka masana anthu ataweruka. Alankhule Chichewa. Bajeti ya chaka chatha ilembedwe pabolodi ndi choko, mzere ndi mzere, kuti mayi wa masamba ndi mnyamata wa kabaza aziona. Aliyense apatsidwe choko, afufute pomwe akufuna kuchotsa, alembe pomwe akufuna kuonjezera, atchule malole angati adzakhala akuyenda pofika Okutobala ndi ngalande ziti zidzakhale zitayeretsedwa. Wina ajambule bolodilo pafoni, tidzalitulutse mvula yoyamba ikadzagwa. Bambo a jekete yotuwa aja ndikufuna adzakhale pabenchi yakutsogolo, ndipo funso loyamba lidzakhale lawo.